Tikufuna kuchita hayala motorhome kupita ku Scotland pa Khrisimasi, amene munayendapo tithandizeni nzeru

Nachisale (Manchester): Muli bwanji nonse pagulu pano? Apongozi anga anabwera kuchokera ku Dedza mwezi wathawu, akhala nafe mpaka Febuluwale. Chifikireni funso lawo ndi limodzi: chipale chofewa chomwe amachiona pa TV chija chili kuti? Kuno ku Manchester ndi mvula yokhayokha. Ndiye bambo a kunyumba aganiza zoti tichite hayala galimoto yogonamo ija, motorhome, masiku 6 kuyambira pa 27 Disembala, tikazungulire msewu wa NC500, wozungulira kumpoto kwa Scotland. Tilipo anthu asanu: ife awiri, apongozi a zaka 68, ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 9, wamng'ono 5. Hayala nyengo ino ndi yotsika kusiyana ndi mu Ogasiti, n'chifukwa chake takopeka. Koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi usiku mkatimo mumafunda? Madzi saundana? Amene munayendapo m'nyengo yachisanu, chonde tiuzeni zoona zake tisanalipire.

Mbewe (Glasgow): Zikomo mayi. Ine ndimayendetsa lole pa A9 kawiri pa sabata, kuchoka kuno kukafika Inverness, ndiye ndiyankha za msewu. Motorhome mutha kuchita hayala, palibe choopsa. Koma NC500 pa 27 Disembala, ndi ana komanso gogo, ayi, ndikukupemphani muisiye.

Msewu umenewu ndi mamailosi 516, umayambira ku Inverness n'kukathera komweko, ndipo inu muyenera kuyamba mwafika ku Inverness kuchokera ku Manchester, lomwe ndi tsiku lathunthu, kubwerera tsiku linanso. Mwatsala ndi masiku 4. Kumapeto kwa Disembala dzuwa ku Inverness limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, pofika 3:30 masana lalowa. Kumadzulo ndi kumpoto mbali zambiri msewu ndi wa galimoto imodzi, mukakumana ndi mnzanu wina amapatukira pa kamalo kodikirira, nthawi zina kubwerera chafutambuyo. Tayerekezani kubweza chigalimoto cha mamita 7 mumdima, pansi pali madzi oundana, kumbali kuli phompho. Zokongola zonse zimene mwapitirazo simuziona n'komwe, mudzangoona pamene nyale zikuwalitsa.

Kondwani (Edinburgh): A Mbewe mukuwaopseza anthu. Ine ndinazungulira NC500 yonse ndi anzanga awiri mu Febuluwale chaka chatha, pa campervan, ndipo unali ulendo wabwino kuposa yonse imene ndayendapo kuno. Msewu unali wathu wokha, magombe a ku Durness opanda munthu, usiku wina tinaona kuwala kobiriwira kuja kumwamba. Achemwali musataye mtima.

Mbewe (Glasgow): Kondwani mng'ono wanga, sindikukutsutsa, kumeneko n'kokongoladi. Koma unali ndi kagalimoto kakang'ono, anyamata atatu amphamvu, ndipo pofika Febuluwale masana amakhala atatalikirako. Tandiuza, unakwera phiri lopita ku Applecross lija?

Kondwani (Edinburgh): Bealach na Bà? Ayi, pamenepo tinazungulira njira ya m'mbali mwa nyanja. Pansi pa phiri pali chikwangwani chochenjeza magalimoto akuluakulu, komanso pamwamba panali poyera ndi chipale. Pamenepo ndikuvomereza, msewu wokwera mamita 626 wokhotakhota chonchija si wa motorhome. Ndipo malo ambiri ogona tinawapeza otseka, masiku awiri sitinasambe.

Mayi a Tadala (Nottingham): Achemwali a Nachisale, za msewu mverani a Mbewe. Ine ndikuuzeni za mkati mwa galimotoyo, chifukwa ife tinakaphunzira movutikira Januwale wapitayu ku Lake District ku England, komwe sikuziziranso ngati ku Scotland.

Tsiku lotenga galimoto, mnyamata wa pakampanipo anatifotokozera zonse m'mphindi 15, mothamanga, ife n'kumangoti inde inde. Tsiku lachiwiri tinathimitsa hita pochoka kukayenda, poganiza zosunga gasi. Pobwera madzulo tinapeza pansi pa galimoto pali chithaphwi, pampopi madzi osatuluka. Ndinaganiza kuti taphulitsa paipi ndipo dipoziti yathu ya £1,250 yapita. Tinaimba foni ku kampani, osayankha chifukwa linali Lamlungu madzulo. Anatithandiza ndi bambo wina wachikulire amene anaimika pafupi nafe. Anatsegula pansi pa mpando n'kutionetsa kavavu kena kamene kamatseguka kokha kukazizira, kukhetsa madzi a mu boila kuti isang'ambike ndi madzi oundana. Ndipo sikalola kutsekedwa mpaka mkatimo mutafundanso. Tinakhala kupitirira ola tikudikira, ana akulira njala, madzi ophikira tikukatunga panja ndi mabotolo.

Chachiwiri, gasi. Botolo la 6kg linatha m'masiku awiri ndi theka, ndipo linathera 3 koloko usiku. Kuzizira kwake sindidzakuiwala, mwana wanga wamng'ono anali kunjenjemera m'mabulangete atatu. Botolo lachiwiri linalipo, koma tinali tisanafunse kasinthidwe kake.

Mbewe (Glasgow): Mayi a Tadala mwanena zenizeni. Pa mahita a Truma kavavu kameneko amakatchula FrostControl. Kamatseguka pamalo pamene kali pakafika cha m'ma 3°C, ndipo kamalola kutsekedwa pakafunda kufika cha m'ma 7°C. Ndiye m'nyengo ino hita siizimitsidwa, ngakhale mukuchoka, mumangoitsitsa.

Pa gasi, funsani kuti ndi wamtundu wanji. Butane, amene ku kampani ya gasi ya Calor amakhala m'botolo la buluu, amasiya kutuluka kukafika pafupi ndi 0°C, botolo lodzaza koma moto osayaka. Wofunika ndi propane, wa botolo lofiira, amene amagwirabe ntchito mpaka -42°C. Kwathu kuno sikunafikepo pamenepo. Kuzizira kwakukulu kolembedwa mu Britain ndi -27.2°C, ku Braemar mu 1982 ndi ku Altnaharra pa 30 Disembala 1995, ndipo malo onse awiriwa ndi a ku Scotland konkuno. Magalimoto ena hita yake imayendera dizilo wa mu thanki yomweyo, ameneyo ndiye sakupatsani nkhawa ya botolo, kungoti thanki isatsike kwambiri.

Nachisale (Manchester): Ine ndikulemba zonsezi papepala. Ndiye ndikawaimbira a kampani ya hayala ndiwafunse chiyani kwenikweni? Pa webusaiti yawo alemba kuti galimoto zawo zonse ndi zoyenda chaka chonse.

Gama (Leeds): Mawu amenewo aliyense amalemba, achemwali. Ine ndinali ndi motorhome yangayanga zaka zinayi ndisanaigulitse. Afunseni ngati ili ya Grade 3. Ndi muyezo woti galimotoyo anaiyesa kunja kuli -15°C ndipo mkati inatha kufunda mpaka 20°C. Kenako afunseni thanki ya madzi abwino ili pati. Ikakhala mkati, pansi pa mpando, zili bwino malinga hita ikuyaka. Ikakhala yolendewera kunsi kwa galimoto popanda choifunditsa, idzauma gwa usiku woyamba. Thanki ya madzi otsukira mbale ndi osamba nthawi zambiri imakhala kunsi, ndiye ife tinkasiya mpopi wake wotsegula n'kutchera ndowa, m'mawa n'kukataya pamalo pake. Ndowa ikhale yotambalala kukamwa kuti madziwo akauma achoke ngati chigumu.

Ndipo werengani pangano lonse musanasaine. Makampani ambiri inshuwalansi yawo siilipira denga mukaligunditsa, siilipira mapaipi akaphulika ndi chisanu, matayala ndi galasi lakutsogolo nthawi zambiri zimakhalanso zanu. Galimotozi zimatalika pafupifupi mamita 3, pamene zitsulo zotchinga pa malo ambiri oimikapo magalimoto zimakhala cha m'ma mamita 2. Lembani kutalika kwake pakapepala mumate pafupi ndi chiwongolero. Potenga jambulani vidiyo kuzungulira galimoto yonse, mkati ndi kunja, mwini wake akuona.

Chikondi (Coventry): Pepani ndilowerere pang'ono. Ine ndinafika mu Epulo, ndikadali ndi laisensi ya ku Malawi. Angandipatse galimoto yotereyi?

Gama (Leeds): Mwa lamulo, laisensi ya kwathu mutha kuyendetsera kuno miyezi 12 kuchokera pamene munayamba kukhala m'dziko muno, galimoto yosapitirira 3,500kg. Ikatha miyeziyo mufunika mayeso a kuno, chifukwa ya ku Malawi siisinthidwa ku DVLA, ofesi ya malaisensi ya kuno, ngati mmene amasinthira ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Koma kampani ya hayala ili ndi malamulo akeake. Ambiri amafuna munthu wa zaka 25 kupita mtsogolo amene wakhala ndi laisensi zaka ziwiri, ndipo ena laisensi yakunja amailipiritsa ndalama yoonjezera. Imbani kaye. Kwa a Nachisale, ngati abambo anakhoza mayeso kuno chaposachedwa, laisensi yawo ndi ya B, malire ake ndi 3,500kg yomweyo. Yoposa apo imafuna C1. Adzafunanso kakodi kotenga pa webusaiti ya DVLA kuti kampani ione mbiri ya laisensiyo, kamagwira ntchito masiku 21 okha, musakatengeretu lero.

Komanso 3,500kg imeneyo ndi galimoto pamodzi ndi anthu, katundu, gasi ndi madzi. Malita 100 a madzi ndi 100kg. Anthu asanu, masutikesi, thumba la ufa, mwafika kale pamalire. Yendani thanki ili ndi madzi pang'ono, mukadzaze mukafika.

Anaphiri (Luton): Ana anga, ndawerenga zonse za mavavu ndi magasi, koma pali nkhani imene palibe waitchula. Nachisale mwana wanga, mkati mwa galimoto imeneyo ndi chipinda chimodzi. Ndinalowamo ya mwana wa mchemwali wanga, ndinaona. Bedi ili apa, ina apo, pakati kansalu. Chimbudzi chili pompo, chitseko chopyapyala. Iwe ndi amuna ako mukagona m'chipinda chimodzi ndi mayi awo owabereka masiku 6? Akavula pati? Usiku akafuna kutaya madzi adutsa pamutu pa mwana wawo wamwamuna? Mayi a ku Dedza a zaka 68 sadzakuuza kuti zikuwavuta, adzangoti zili bwino mwanawe, koma adzasiya kumwa madzi masana kuti asadzuke usiku, ndipo adzabwerako atadwala. Ulemu wa pakati pa mpongozi ndi mpongozi sunatsale pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Ganizirani zimenezi kaye musanaganize za chipale.

Nachisale (Manchester): Amayi, mwandigwira pamtima. Zimenezi zimandivuta chiyambire koma ndimasowa poyambira kuwauza bambo a kunyumba, iwo maso ali pa ulendo basi. Ngakhale kunyumba kuno apongozi salowa kuchipinda kwathu, zovala zawo zamkati amachapa okha n'kuyanika kobisika. Zoona sangamasuke.

Mayi a Tadala (Nottingham): Anaphiri anena zoona. Ndiwonjezere kuti bedi yaikulu pa magalimoto ambiri a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi imakhala pamwamba pa dalaivala, yokwera ndi makwerero. Gogo sangakwere pamenepo usiku. Ilipo mitundu ina yokhala ndi chipinda kumbuyo chotseka ndi chitseko, gogo ndi adzukulu atha kugona kumeneko, inu kutsogolo. Komabe chimbudzi ndi chimodzi.

Dalitso (Reading): Nanga bwanji osangochita lendi kanyumba ku Aviemore, tauni ya m'mapiri a ku Scotland, n'kupita pa galimoto yanu? Mukawerengera hayala, dizilo wa chigalimoto chimenecho, malo oimika usiku uliwonse ndi gasi, ndalama yake ikufanana. Kanyumba kali ndi zipinda, bafa lotentha, khitchini yoti muphike nsima momasuka. Ine sindikuona chimene mukuvutikira.

Nachisale (Manchester): Achimwene ndinayang'ana kale. Sabata ya pakati pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano tinyumba ta ku Aviemore totsala ndi tochepa ndipo mitengo yake ndi yoposa thumba lathu. Komanso ana akhala akuwerenga masiku chifukwa cha galimoto yogonamoyo, kwa iwo ulendo ndi umenewo. Sindikufuna kuwakhumudwitsa.

Mbewe (Glasgow): Ndiye tiyeni tigwirizanitse zonse. Motorhome tengani, koma muikhazike malo amodzi. Pitani ku Aviemore, m'mapiri a Cairngorms, pafupifupi mamailosi 30 musanafike Inverness. Msewu ndi M6, M74, kenako A9, misewu imene amaithira mchere usiku ndi usana kuti madzi asaundane. Pezani malo ogona amene amatsegula nyengo yachisanu, okhala ndi polumikiza magetsi komanso nyumba ya mabafa ndi zimbudzi yofunda. Mukatero bambo ndi mwana wamwamuna azikasamba ndi kudzithandiza kumeneko, chimbudzi cha m'galimoto chikhale cha gogo ndi ana usiku. Malo ena alinso ndi tizipinda tamatabwa tokhala ndi hita, gogo atha kugona mmenemo ndi mdzukulu wamkulu. Bukiranitu lero, sabata imeneyo anthu okasewera pa chipale amadzaza.

Mukalumikiza magetsi, hita zambiri zimatha kuyendera magetsiwo, gasi n'kutsala wophikira. Funsani ngati pamalopo amapereka 16 amp kapena 10 amp. Pa 10 amp muli ndi 2,300 watts zokha, ketulo ya kunyumba payokha imatha kudya 3,000, ndiye mukaiyatsa magetsi amadula. Madzi a tiyi wiritsani pa gasi.

Wina asakunamizeni kuti ku Scotland umangoima paliponse n'kugona. Ufulu wogona kutchire umene uli m'lamulo la 2003 ndi wa munthu woyenda pansi ndi tenti yake, sukhudza galimoto. Ndipo kugona kopanda magetsi m'chisanu batire la m'nyumbamo limatha msanga, chifukwa hita ngakhale ya gasi imafuna batire kuti fani izungulire.

Chipale sindingakulonjezeni m'tauni ya Aviemore, zaka zina Khrisimasi imadutsa kuli mvula. Koma mukadutsa nyanja ya Loch Morlich n'kukwera msewu wa ku Cairngorm, malo oimika magalimoto ali pamwamba kupitirira mamita 600, kumeneko mwayi ndi waukulu. Kukakhala koipa amatseka geti pansi, musakakamire. Ku Glenmore komweko kuli ma reindeer, nyama zonga mphalapala, zimene zakhala m'mapiri amenewo kuyambira 1952. Ana adzasangalala, koma amafuna kubukiratu.

Kondwani (Edinburgh): Apo ndagonja, pulani ya a Mbewe ndi yabwino kwa banja. Kukacha bwino tsiku lina mutha kupita ku nyanja ya Loch Ness n'kubwerako kusanade. NC500 mudzapite mu Meyi.

Sisitala Nyirenda (Sheffield): Ine ndine namwino, ndilankhule chimodzi chimene chimandiopsa. Tonse tikudziwa za mabanja kwathu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu Juni osadzukanso. Mpweya womwewo, carbon monoxide, ndi umene umapha anthu m'magalimoto ogonamo. Sununkha, suoneka. Kukazizira munthu amaganiza zoyatsa chitofu cha gasi kuti chifunditse, kapena kulowetsa kambaula kootchera nyama kakuoneka ngati kazima. Musayerekeze, makala amatulutsabe mpweyawo ngakhale moto sukuoneka. Timabowo tolowetsa mphepo tili pansi ndi padenga musatitseke ndi nsanza ngakhale tikulowetsa chisanu, anatiika dala. Chipale chikagwa chambiri, onani kuti potulukira utsi wa hita m'mbali mwa galimoto sipanatsekeke. Potenga galimoto dinani batani la alamu ya mpweyawu mumve kulira kwake ndi makutu anu, ndipo ngati n'kotheka tengani ina ya kunyumba. Wina akayamba mutu, chizungulire kapena nseru, makamaka anthu angapo nthawi imodzi, tulukani nonse panja kaye ndipo imbani 999.

Za gogo: ngati amamwa mankhwala a BP atenge okwanira ndi otsalako, kuzizira kumakweza BP. Nsapato zikhale zogwira pansi. Kugwa pa madzi oundana pa msinkhu umenewo ndi kuthyoka chiuno. Onaninso ngati inshuwalansi yawo ya ulendo ikadali yamoyo.

Mayi a Tadala (Nottingham): Ndinaiwala za nsima. Imaphikika bwinobwino, koma nthunzi yake pamodzi ndi mpweya wa anthu asanu, m'mawa mawindo onse amachucha madzi mpaka zofunda kunyowa m'mbali. Pophika tsegulani kawindo ka padenga. Tengani mpoto wanu ndi mthiko, timapoto tawo ndi topyapyala. Ndiwo phikirani kunyumba muziike m'makontena, makamaka usipa kapena utaka, musakazingire mmenemo. Fungo likakanirira m'makatani amadula ndalama yoyeretsera pa dipoziti.

Gama (Leeds): Chinanso, malo ogona ndi mipando ya malamba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ilipo galimoto yogona anthu 6 koma malamba 4. Inu mukufuna malamba 5, ndipo mwana wa zaka 5 ayenera mpando wake, wa zaka 9 nayenso ngati sanafike 135cm. Pitani ndi mipandoyo mukaiyese pa galimoto musanalipire yonse.

Nachisale (Manchester): Ndabweranso. Usiku tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba, ndinawawerengera uthenga wa Anaphiri mawu ndi mawu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati sanaganizepo. NC500 taisiya. Lero ndaimbira makampani atatu. Yoyamba mtsikana wake sanadziwe kuti Grade 3 n'chiyani. Yachiwiri thanki ili kunsi. Yachitatu ali nayo ya Grade 3, malamba 5, chipinda chakumbuyo chotseka, thanki ili mkati, propane mabotolo awiri, ndipo avomera kuti tipite Loweruka tikaione ndi mipando ya ana. Matayala ati ndi wamba, si a chisanu. Malo ogona ndapeza pafupi ndi Aviemore masiku 4, magetsi 16 amp, koma tizipinda tamatabwa tadzaza. Apongozi ndawafunsa mwaulemu, ati agona kumbuyo ndi adzukulu awo bola chitseko chikhalepo. A Mbewe, matayalawo ndi vuto?

Mbewe (Glasgow): Kuno lamulo silikakamiza matayala a chisanu, ndipo a hayala ambiri saika. Mukakhala pa A9 ndi misewu ikuluikulu, masana, mofatsa, mufika. Malo oti musamale ndi Drumochter, pakati pa Blair Atholl ndi Dalwhinnie, pamtunda wa mamita pafupifupi 460, pali mageti amene amatseka chipale chikachuluka. M'mawa uliwonse onani Traffic Scotland (za misewu) ndi Met Office (za nyengo). Akalengeza chenjezo la amber, la nyengo yoopsa, khalani pomwe muli, mphepo imakankha galimoto yaitali ngati imeneyo koposa mmene mungaganizire. Njira za A93 ku Glenshee ndi A939 ku Lecht zisiyeni ngakhale foni ikuuzeni kuti ndi zachidule. Pa A9 pali makamera oyeza liwiro la mtunda wautali, ndipo funsani kulemera kwa galimotoyo ili yopanda katundu: ikaposa matani 3.05, malire anu pa msewu wa mbali ziwiri wopanda chotchinga pakati ndi mamailosi 50 pa ola, osati 60. Bambo asalawe ngakhale kamodzi, malire a mowa ku Scotland ndi otsika kuposa a ku England. Gulani chakudya ndi gasi pasanafike pa 31, kuno 1 ndi 2 Januwale onse ndi maholide.

Tsiku lopita musalimbane zokafika Aviemore, galimoto amapereka masana, mudzakwera Drumochter usiku. Gonani chakuno. Ndipo popeza mukudutsa M74, patukani ku Blantyre, Blantyre wa kuno, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba yake ikadalipo m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Onani pa webusaiti yawo ngati adzatsegule sabata imeneyo, koma ngakhale kungojambulitsa gogo pa chikwangwani cha dzinalo, akakhala ndi nkhani yokasimba ku Dedza.

Anaphiri (Luton): Wachita bwino mwana wanga. Uwagulire mayi masokosi aubweya ndi chipewa, duku lokha silikwanira kumeneko. Chitenje atenge ziwiri, china mupachike pakati pomwe palibe chitseko.

Nachisale (Manchester): Zikomo amayi, ndatero. A Mbewe, ku Blantyre tidzafika pa 28 cha m'ma 10 m'mawa. Fosholo ya chipale ndigule kapena imapezeka m'galimotomo?

Mbewe (Glasgow): Musagule, ndili nazo ziwiri. Pa 28 sindili pa ntchito, ndidzakupezani ku Blantyre komweko ndi mayi a kunyumba, tidzabweretsa fosholo, tochi ndi timapepala tapulasitiki toika pansi pa matayala galimoto ikatitimira. Pobwerera mudzandisiyire. Ndilembereni ku inbox ndikupatseni nambala.